Ichi Chakoma Ichi Chakoma, Pusi Anagwa Chagada

Ana anga, ntchito zambiri masiku ano zikufera pa WhatsApp. Abwana alamula m'gulu, wina aponyamo chithunzi, wina uthenga wa maliro, pofika madzulo lamulo lija lakwiririka. Tsiku likakwana, aliyense n'kumati ndimayesa ndi ya mnzanga. Ntchito yopanda mwini imagona pakhomo mpaka kuwola.

N'chifukwa chake ndikukulangizani kuti muphunzire mapulogalamu a pa intaneti olongosolera ntchito. Alipo Trello, amene anatuluka mu 2011, ndi Asana, amene kampani yake inayamba mu 2008, ndipo onsewa ali ndi gawo laulere loti n'kuyambirapo ngakhale pafoni. Kagwiridwe kake n'kosavuta. Mumatsegula bolodi n'kuligawa m'mizere itatu: zodikira, zili mkati, zatha. Ntchito iliyonse imakhala ndi khadi lake, lolembedwa dzina la woigwira ndi tsiku loimalizira. Ikasuntha, khadi nalo limasuntha, ndipo onse amaona.

Nzeruyi inachokera ku Japan, ku fakitale ya magalimoto ya Toyota, komwe Taiichi Ohno anakhazikitsa makadi otchedwa kanban. Kumeneko chitsulo sichinkapangidwa pokhapokha khadi litabwera kunena kuti chikufunika. Phunziro lake ndi limene achinyamata ambiri mumalidumpha: musayambe zambiri nthawi imodzi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mzere wa zili mkati usapitirire makadi atatu. Lachinayi lidikire mpaka limodzi litatha.

Ntchito yaikulu muziiphwanya. Kukonza ukwati si khadi limodzi ayi. Kulipira holo ndi khadi, kuonana ndi ankhoswe ndi khadi, kupeza oimba ndi lina, ndipo lililonse likhale ndi munthu mmodzi woti tikamufunse. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chenjeraninso ndi mtima wokonda zatsopano. Wina lero ali pa Trello, mawa wasamukira ku Asana, zina walemba mu kope, zina wasunga m'mutu. Mapanga awiri avumbwitsa. Sankhani malo amodzi, mugwirizane ndi anzanu kuti chimene sichinalembedwe pamenepo sichinapatsidwe kwa munthu.

Ndipo musanyengedwe ndi bolodi lokongola. Ena amatha m'mawa wonse akupaka makadi mitundu, ntchito yeniyeni osaikhudza. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Mphindi khumi Lolemba m'mawa zikwanira kusankha za sabata imeneyo. Lachisanu muonenso: khadi lomwe silinasunthe, funsani chomwe chaligwira. Mwina mwini wake akudikira ndalama, mwina wachulukidwa, mwina ntchitoyo siyofunikanso ndipo ingochotsedwa.

Bandulo ikatha kapena magetsi akazima, musati ntchito yaima. Jambulani mizere itatu ija papepala, mupitirize. Amene amamaliza chimene wayamba, anthu amamupatsanso ntchito ina mosakayika.