Ufulu wa Yani? Funso kwa Zipani Zodzitcha za Liberal

Usiku wina wa Ramadhani yapitayi, titatha kuswali Taraweeh, tidakhala pakhonde la mzikiti ndi mnyamata yemwe ndidamuphunzitsa Alif Baa ali wamng'ono, amene tsopano amasoka zovala ku Cape Town. Iye adati m'maiko a Azungu Msilamu wofuna kupuma bwino avotere chipani cha liberal, poti zipani zimenezo ndi zimene zimalemekeza chipembedzo cha aliyense. Bambo wina wachikulire adamudula pakamwa, nati a liberal ndi anthu osaopa Allah, olola chilichonse, ndipo Msilamu alibe nawo gawo. Ndidawasiya atsutsane mpaka tiyi adazirala. Onse awiri adaphonya pamodzimodzi: adaganiza kuti dzina la chipani limauza munthu zimene chipanicho chidzachite chikalowa m'boma.

Tiyambe ndi zimene eni ake adalonjeza. Mu 1689 John Locke wa ku England adasindikiza kalata yake ya kulolerana pa chipembedzo, momwe adati ngakhale Myuda kapena Msilamu asalandidwe ufulu wake m'dziko kaamba ka chikhulupiriro. Mu 1859 John Stuart Mill, yemwe pambuyo pake adakhala phungu wa chipani cha Liberal, adaphunzitsa kuti boma lisaletse munthu wamkulu chinthu pokhapokha chinthucho chikupweteka ena. Mu 1947 zipani za maganizo otere zidakumana ku Oxford ndi kukhazikitsa mgwirizano wa Liberal International. Ine sindibwera ndi sikelo ya Shariah kudzawayeza anthu amene sadaivomere. Ndiwayeza ndi sikelo yawo yomweyi, monga momwe timachitira ndi wogulitsa usipa amene wabwera ndi chigoba chake.

Ku Denmark kuli chipani cha Venstre, chimodzi mwa zipani zakale za liberal ku Ulaya. Mu 2005, nyuzipepala ina itajambula zithunzi zonyoza Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam), akazembe 11 a maiko a Asilamu adapempha kuonana ndi nduna yaikulu Anders Fogh Rasmussen wa chipanichi. Adakana, nati boma silingalowerere pa ufulu wa nyuzipepala. Chabwino, tinene kuti adaima pa mfundo yake. Tsono onani mfundo yomweyo itafika pa mutu wa mkazi. Mu 2018, pansi pa nduna yaikulu Lars Løkke Rasmussen wa Venstre yomweyo, nyumba ya malamulo idaletsa kuphimba nkhope pagulu, ndipo kuyambira pa 1 Ogasiti mkazi wovala nikabu mumsewu amalipitsidwa ma kroner 1,000 ulendo woyamba. Kafukufuku amene boma lidachititsa zaka zingapo m'mbuyo mwake adapeza kuti akazi ovala chonchi sadapitirire 200, m'dziko la anthu pafupifupi 6 miliyoni. Wojambula zonyoza boma silingamukhudze, koma mayi wopita kukagula buledi atavala mwa chikhulupiriro chake amuimike apolisi. Kodi mayi ameneyu wapweteka yani? Limenelo ndi funso la Mill, si langa.

Sizidathere pamenepo. Mu Januwale 2016 boma la Venstre lidapereka mphamvu kwa apolisi zolanda othawa nkhondo ndalama ndi katundu wopitirira ma kroner 10,000, ati alipirire chisamaliro chawo. Nduna yoona za olowa m'dziko, Inger Støjberg, idajambulitsa ndi keke mu 2017 pokondwerera kuti yakhwimitsa malamulo a alendo ka 50. Kumapeto kwa 2018 adaonjeza lakuti wolandira unzika agwirane chanza ndi mkulu wa boma pamwambowo, aliyense akudziwa kuti lamulolo lasokedwa pa thupi la yani. Chipani chimene chidakula pomenyera alimi wamba kwa eni minda ikuluikulu chidafika poyesa unzika wa munthu ndi chikhatho.

Denmark siili yokha. Ku Belgium lamulo loletsa kuphimba nkhope la mu 2011 lidayambitsidwa ndi aphungu a Mouvement Réformateur, chipani cha liberal. Ku Netherlands, pansi pa Mark Rutte wa VVD, lamulo longa lomweli lidayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2019 m'sukulu, m'zipatala, m'maofesi a boma ndi m'mabasi ndi sitima. Chaka chisanathe, mliri wa Covid utabwera, boma lomwelo lidalamula kuti aliyense wokwera mabasi ndi sitima zomwezo aphimbe mphuno ndi pakamwa. Geert Wilders, amene wakhala akufuna kuti Qur'an iletsedwe m'dzikomo, adali phungu wa VVD mpaka 2004, ndipo mu 2024 VVD idalowa m'boma limodzi ndi chipani chake.

Amayankha kuti akumasula mkazi. Ndikudziwa kuti pali akazi amene amakakamizidwa ndi amuna awo, ndipo wokakamizayo ndi wolakwa. Ndikudziwanso kuti ma ulama amasiyana pa za nikabu, ndipo amayi athu ambiri kuno kunyanja savala. Nkhani si yakuti nikabu ndi faradhi kapena ayi. Ngati mkazi wakakamizidwa, chindapusa chikugwera wozunzidwa, ndipo mwamunayo angomutsekera m'nyumba. Ngati wasankha yekha, boma lamulanda chinthu chomwe a liberal amati n'chopatulika koposa, chisankho cha mwini. Mbali zonse ziwiri, sikelo yawo ikuwatsutsa.

Bambo wachikulire uja asafulumire kuomba m'manja, chifukwa chilungamo chimatilamula kunena zabwino za amene tikutsutsana naye. Ku Canada boma la Conservative la Stephen Harper lidaletsa nikabu pa mwambo wolumbira unzika. Mayi wina wochokera ku Pakistan, Zunera Ishaq, adalisumira ndipo adapambana, boma lidafuna kuchita apilo, koma a Liberal a Justin Trudeau atapambana mu Okutobala 2015 adachotsa apiloyo, ndipo pofika kumapeto kwa Febuluwale 2016 adali atalandira othawa nkhondo a ku Syria 25,000. Ku Britain, mu 2003, Charles Kennedy ndi a Liberal Democrats adakana nkhondo ya ku Iraq pamene atsogoleri a Labour ndi Conservative adaivomera. Amenewa adasunga mawu awo pa nthawi imene kusunga kudali kowawa. Komatu chaka chomwecho Fogh Rasmussen, m'bale wawo mu Liberal International, adatumiza asilikali a Denmark ku nkhondo yomweyo. Ndipo m'Canada momwemo chipani cha Liberal cha chigawo cha Quebec, chomwe n'choima pachokha, chidakhazikitsa mu 2017 lamulo lakuti wolandira thandizo la boma aonetse nkhope, mpaka makhothi adaliimitsa. Dzina limodzi, dziko limodzi, malamulo otsutsana.

Mnyamata wanganso adziwe kuti ufulu wa a Trudeau umabwera mtolo umodzi. Dzanja lomwe lidateteza nikabu ndi lomwe lidaloleza dokotala kuthandiza wodwala kufa mu 2016 ndi kusuta chamba mu 2018. Msilamu wa ku Toronto akamavota amadziwa kuti akugula zonsezi pamodzi. Koma a ku Canada sadamunamize, adachita zimene adanena. Amene ndikulimbana nawo ndi aja amene amalalikira ufulu pa mowa ndi pa zithunzi, nkuuiwala pa chovala cha mkazi wa Chisilamu.

Pali ufulu umodzi umene zipani ngati VVD siziuiwala: ufulu wa ndalama. Boma la Rutte lomwe lidayambitsa chiletso cha nikabu lidalimbana chaka chathunthu kuti lichotse msonkho wa phindu la eni masheya, pofuna kuti makampani a Unilever ndi Shell asasamuke, ndipo lidangosiya mu Okutobala 2018 Unilever itasintha maganizo. Kampani ikaopseza kuchoka amaigwira mwendo. Munthu akagogoda amamufufuza m'thumba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, ndipo nyerere zimenezi n'zakale. Mill yemwe uja adagwira ntchito zaka 35 ku East India Company, kampani imene inkalamulira India, ndipo m'buku lomwelo la ufulu adati mfundo yake siikhudza mitundu imene iye adaiona ngati yosakhwima, imene n'koyenera kuilamulira ndi dzanja lolimba. Kuyambira pachiyambi mpandawo udali ndi a m'kati ndi a kunja.

N'chifukwa chake ndidamufunsa mnyamata uja za kumene akukhala. Democratic Alliance, imene yalamulira mzinda wa Cape Town kuyambira 2006, ndi chipani cha liberal, membala wa Liberal International. Herman Mashaba, amene adali meya wa Johannesburg pa tikiti ya chipanichi kuyambira 2016 mpaka 2019, adatchuka ndi mawu ake olumikiza alendo opanda mapepala ndi umbanda, ndipo pa chisankho cha 2019 chipanicho chidaika kukhwimitsa malire pakati pa malonjezo ake akuluakulu. Sindikuti dziko lisalondere malire ake, kapena kuti ana athu aziphwanya malamulo a eni. Ndikuti katundu wa ku South Africa amadzaza magolosale athu mpaka ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, akudutsa pa Mwanza ndi pa Dedza m'dzina la malonda aufulu, pamene telala wa ku Makanjira amayenda mu Bellville akuyang'ana m'mbuyo. Ndidamufunsa ngati chiphaso chake chikadali ndi masiku. Adaseka, nayang'ana pansi, nati chidatha mu Sha'bani.