Jenereta siilodzedwa, timaipha tokha

Abale anga a kuno ku Neno, ndi inu a m'tauni amene mumatitumizira majenereta, tamvani. Jenereta ikafa timathamangira kunena kuti ailodza. Bodza! Timagula dizilo wa m'zigubu m'mbali mwa msewu ku Zalewa, wina wosakaniza ndi palafini kapena madzi, pampu ya injini n'kuwonongeka. Oyilo wada bii, osasintha. Fyuluta yatsekeka ndi fumbi la mu Okutobala, osapukuta. Kenako tikulumikiza ayironi, fuliji ndi pampu yothirira kudimba nthawi imodzi. Ipirira bwanji?

Sefani dizilo. Yang'anani oyilo musanailize. Muziiliza panja, chifukwa utsi wake umapha munthu ali m'tulo. Ndipo wobwereka jenereta pa ukwati azibwera ndi oyilo wake, chibale chisatiphere makina. Tamvana?