Nyali zojambulira zithunzi: phindu lili pobwereketsa

Amene wadutsa ku Naperi Loweruka m'mawa amawaona anyamata ataberekera zikwama za makamera, masitandi ali m'khwapa, akuthamangira minibasi ya ku Kamba kapena ku Ginnery Corner. Ena akupita ku ukwati ku Comesa Hall, ena ku chinkhoswe ku Zingwangwa. Ambiri mwa iwo kamera ali nayo, koma nyali zamphamvu alibe. Apa ndi pamene pali malonda, ndipo wamalonda wanzeru ayenera kuika mtima pobwereketsa nyalizo kusiyana ndi kudikira wodzagula.

Chifukwa choyamba ndi ndalama yakunja. Fulashi ya Godox, softbox ndi ring light sizipangidwa m'dziko muno. Amakaoda ku Johannesburg, Dar es Salaam kapena ku China. Mu November 2023 kwacha idagwa mphamvu ndi 44 peresenti, dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Nyali ya madola 200 yomwe inali K236,000 idafika K340,000 tsiku limodzi, msonkho wa MRA ndi thiransipoti tisanawerengere. Amene adagulitsa katundu wake sabata yapitayo adasangalala ndi phindu la pakamwa, koma pokaodanso adapeza mpamba utaperewera. Wobwereketsa sadalire chimodzimodzi: nyali inali ikadali m'manja mwake, ndipo mtengo wake udakwera ili pashelefu.

Chachiwiri ndi thumba la kasitomala. Wojambula wa m'tauni amapeza ntchito yaikulu kumathero a sabata basi. Sangatulutse K340,000 nthawi imodzi, koma ya tsiku limodzi amaipeza chifukwa amaiphatikiza pa bilu ya mwini ukwati. Mwachitsanzo, ngati nyaliyo ikubwerekedwa pa K20,000, ulendo wa nambala 17 ndalama yogulira yabwerera, nyali ikadali ya mwini wake.

Chachitatu ndi magetsi. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo kuthimathima kudafika posauzana. Phunziro lake ndi loti pooda, nyali yoyendera batire ndi yomwe iyenera kukhala patsogolo. Mkwatibwi sadikira ESCOM podula keke. Amene ali ndi nyali ya batire komanso batire lapadera lotchaja kale amatchula mtengo wake, kasitomala osanenerera.

Ena anena kuti kubwereketsa n'kusewera ndi moto, katundu amabwera wosweka kapena sabwera n'komwe. N'zoona. Koma wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima; chofunika ndi kumanga mpanda. Nyali isatuluke popanda chikole ndi pepala losainirana, lolemba nambala ya pachipangizocho, ola lobweza ndi chindapusa cha wochedwa. Aiyatse onse awiri akuona, potuluka ndi pobwera. Ndalama ikadzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, umboni umatsala pafoni. Wachilendo abwere ndi wojambula wodziwika womuikira kumbuyo, apo ayi nyali ipite ndi mnyamata wa pashopu, woti akaiimike yekha ndi kubwera nayo. Chibale ndi chinzake ndi zomwe zagwetsa mabizinesi ambiri otere: mlamu akatenga ulere Loweruka, ndiye kuti tsiku la ndalama lapita.

Pa ndalama iliyonse yolowa, gawo lina lisungidwe padera logulira batire ndi babu, chifukwa izi zimatha ndithu. Mtengo wobwereketsa uzitsatira mtengo wogulira nyali yatsopano lero, osati womwe idagulidwira chaka chatha.

Kugulitsa kusathe, koma kukhale kwa tinthu totsika mtengo toyenda msanga. Ma ring light ang'onoang'ono ali ndi msika pakati pa amayi a saluni, ophika makeke ndi ogulitsa kaunjika omwe amatsatsa malonda pa WhatsApp ndi Facebook. Awa ndi omwe angabweretse ya ndiwo mkati mwa sabata ndi m'miyezi ya dzinja pamene maukwati achepa. Nyali zikuluzikulu zikhale ngati nkhuku yoikira: wanjala amaipha n'kudya tsiku limodzi, wodekha amatola mazira Loweruka lililonse.