NZERU ZA NCHITO: KODI WOMANGA ALEMBE MTENGO WANJI?

Boma likafuna kumanga sukulu kapena mlatho, liitana amisiri kuti yense alembe mtengo wace m'kalata yomata. Makalata onse atsegulidwa tsiku limodzi, ndipo kawirikawiri nchito ipatsidwa kwa iye wa mtengo wocepa. Ici ndico acicha tenda. Bvuto la mmisiri nali: akakweza mtengo, nchito ipita kwa wina, akautsitsa, akhetsa thukuta pacabe.

M'caka ca 1956 Lawrence Friedman wa ku America anaonetsa kuti masamu angathandize pamenepa. Nzeru yace ndi iyi: sungani buku la mitengo imene anzanu analemba pa matenda akale, ndipo mudzadziwa kuti pa mtengo wakutiwakuti mungawapose kangati.

Tiyerekeze kuti mulowa matenda khumi, ndipo nchito iri yonse idya K100 pa njerwa, simenti ndi malipiro. Mukaonjeza K5 ndi kupambana kasanu ndi katatu, phindu lanu lonse ndi K40. Mukaonjeza K40 ndi kupambana kamodzi kokha, ndi K40 yomweyo. Koma mukaonjeza K20 ndi kupambana katatu, mwapeza K60. Taonani, phindu lalikuru liri pakati.

Nanga opikisana nanu akakhala awiri, ndipo yense mumamposa kamodzi pa kawiri? Masamu a Friedman ati mudzapambana kamodzi pa kanai. Koma m'caka ca 1967 Marvin Gates, katswiri wa zomangamanga, anaturutsa njira yina imene iti kamodzi pa katatu, pakuti mwa anthu atatu olingana mmodzi ayenera kutenga nchitoyo. Akatswiri anatsutsana za ici zaka zambiri. Cimene njira zonse ziwiri zibvomerezana ndi cakuti opikisana akacuruka, mwai wanu ucepa.

Cenjezo lina nali. Kawirikawiri wa mtengo wotsikitsitsa ndi amene waphonya powerenga, kapena waiwala ndarama zonyamulira mcenga. Wotereyu akondwa tsiku la tenda, koma ndarama zimthera khoma lisanafike pa zenera, ndipo ana anu aphunzirabe pansi pa mtengo. Paja akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono inu amisiri, yambani mwawerenga bwino zonse zimene nchito idzadya, kenaka muganize za phindu. Ndipo inu mafumu ndi a komiti ya sukulu, mukaona mtengo wotsika kwambiri kuposa ina yonse, mfunseni mwini wace akuonetseni m'mene wawerengera musanampatse nchito.