Zala zikuchita dzanzi pakompyuta

Amayi,

Ndili ndi zaka 26 ndipo ndili ndi pathupi pa miyezi 7. Ndimatayipira anthu makalata ndi ma CV pakompyuta yathu ya pakhomo, ndipo ndalama zake ndi zomwe tikugulira za mwana. Tsopano zala za dzanja lamanja zikumachita dzanzi, makamaka usiku. Bambo akunyumba akuti ndisiye ntchitoyi. Nanga matewera tigula ndi chiyani?

Wodandaula, Ndirande

Zikomo mwana wanga.

Ngati dzanzilo likugwira chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, kawirikawiri amakhala matenda omwe achipatala amati carpal tunnel. Pamfundo ya dzanja pali kanjira kopapatiza komwe mumadutsa mtsempha. Thupi la mayi woyembekezera limasunga madzi, ndiye mtsemphawo umapanikizika. Amayi ambiri zimawathera akachira. Komabe kafotokozeni kusikelo. Ndipo mukaona manja ndi nkhope zatupa, mutu ukuwawa kapena maso akuchita chidima, musadikire tsiku la sikelo ayi, pitani tsiku lomwelo akakuyezeni BP.

Za kusiya ntchito, bambowo ndawamva, akukuderani nkhawa. Koma m'malo mokuletsani, akhale nanu pansi mukonze kompyutayo kuti dzanja lamanja lisamangokakamira pa mouse tsiku lonse. Zambiri zimatheka ndi dzanja lamanzere pakiyibodi. Ctrl ndi C mumakopera mawu, Ctrl ndi V mumawaika pomwe mukufuna, Ctrl ndi Z mumabweza chomwe mwalakwitsa, Alt ndi Tab mumachoka papulogalamu ina kupita pa inzake. Ctrl ndi S ndiye musamaiwale, magetsi athuwa satsazika.

Mukhozanso kudzipangira yanuyanu. Pa Windows, dinani batani lakumanja la mouse pakachizindikiro ka Word komwe kali pa desktop, sankhani Properties, ndipo pomwe alemba Shortcut key dinani chilembo W, kenako OK. Kuyambira pamenepo, Ctrl, Alt ndi W zizikutsegulirani Word. Ine izi ndinaphunzira nditapuma kale ntchito, mphunzitsi wake mdzukulu wanga, ndipo amandiseka kuti agogo mumasaka zilembo ngati mukutola nsawawa.

Mwina kutambasula zala kuti mugwire mabatani atatu nthawi imodzi kukupwetekaninso. Zikatero dinani Shift kasanu, kompyuta ikufunsani ngati mukufuna Sticky Keys. Mukavomera, mabataniwo muzidina limodzilimodzi motsatizana. Bambo muwauziretu, angamaganize kuti kiyibodi yawonongeka.

Potayipa, dzanja likhale lowongoka, osalipinda pamphepete mwa tebulo. Ola lisathe musanaimirire n'kugwedeza manja. Usiku musagonere dzanjalo, ndipo mukafunse kusikelo za kothandizira dzanja kovala pogona kuti mfundoyo isamapindike. Lembani mabatani aja pakapepala, mumate pakhoma pafupi ndi kompyuta mpaka zala zizolowere.