Wovuuka m'madzi akuya ali moyo, tisamudikire ndi bokosi

Ife Achewa a m'makomboni a Harare, ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara, timadziwika ndi luso loika maliro. Makolo athu atafika kuno kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za Azungu, anakhazikitsa mabungwe a maliro kuti mnzawo asatayidwe ngati galu m'dziko la eni. Mwambo umenewu ngwolemekezeka. Koma sunatiphunzitse chochita ndi munthu amene imfa yamulambalala, n'kumusiya ndi thupi losamumvera. Mmodzi mwa anthu otere ndi amene anavulala minyewa chifukwa cholowa pansi pa madzi akuya.

Wina anganene kuti nkhaniyi ndi ya anthu a kunyanja ya mchere. Si choncho. Ku mapanga a Chinhoyi anthu amalowa m'dziwe lakuya atabereka mabotolo a mpweya. Apolisi a Zimbabwe ali ndi gulu lolowa m'madamu kukavuula omira. Pa Nyanja ya Malawi alipo amene amagwira mbuna zamoyo zogulitsa kunja akupuma mpweya wa m'paipi yochokera ku kompresa, ndipo ku Cape Maclear ndi Nkhata Bay alipo operekeza alendo pansi pa nyanja. Ameneŵa ndi ana athu, ndipo akavulala amabwerera kwa ife.

Chimene chimachitika m'thupi n'chosavuta kumva. Mpweya umene timapuma, magawo 78 pa 100 alionse ndi nayitulojeni. Munthu akatsika mamita 10, mphamvu yomupanikiza imawirikiza kawiri poyerekeza ndi ya pamtunda, ndipo akafika mamita 30 imakhala itawirikiza kanayi. Kupanikizikako kumalowetsa nayitulojeni m'magazi ndi m'minofu. Akakwera pang'onopang'ono, mpweyawo umatuluka bwino kudzera m'mapapo. Akakwera mofulumira, umachita thovu m'thupi monga limachitira botolo la Fanta lotsegulidwa mwadzidzidzi. Thovulo likagwera m'mfundo za mafupa, munthu amapindika ndi ululu, n'chifukwa chake pa Chingerezi matendawa amawatcha the bends. Likagwera mu ubongo kapena m'minyewa ya m'fupa la msana, likhoza kusiya chilema cha moyo wonse: dzanzi m'miyendo, kufooka, kudzandira, chizungulire, kuiwalaiwala, kulephera kugwira kapena kutulutsa mkodzo, ngakhalenso kutha mphamvu m'banja.

Nanga komboni imaziwerenga bwanji zizindikiro zimenezi? Munthu wodzandira m'mawa timati walawirira kachasu. Woiwala zimene wamutuma timati ngwamwano. Wobwera kuchokera kumadzi miyendo itauma timati walodzedwa, ndipo anzathu Achishona amatchula njuzu. Banja limagulitsa mbuzi ndi wailesi kuyendayenda kwa asing'anga ndi aneneri, masiku ofunika n'kumapita. Sindikunyoza chikhulupiriro cha munthu aliyense. Ndikungoti matendawa gwero lake linadziwika kale. Paul Bert wa ku France anaonetsa mu 1878 kuti chovulaza ndi thovu la nayitulojeni, ndipo mu 1908 John Scott Haldane anatulutsa ndondomeko yokwerera mopumira kuti thovulo lisapangike. Chimene chinafotokozedwa zaka zoposa 100 zapitazo sichiyenera kukhalabe chifukwa cholozerana zala pakati pa abale.

Pali zinthu zimene mabanja athu ayenera kuzidziwa ngati dzina la mwana wawo. Zizindikiro zimayamba patangopita mphindi kapena maola ochepa munthu atavuuka, kawirikawiri tsiku lisanathe. Wodwalayo agonekedwe, apatsidwe okosijeni msanga, ndipo asabwezedwe m'madzi poganiza kuti akachirira komweko. Chithandizo chenicheni ndi chipinda chachitsulo chopanikiza mpweya, chonga zimene zili ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town, ndipo kuchedwa kumachepetsa mwayi wochira. Kukwera kumtunda nakonso kumakuza thovu. Nyanja ya Kariba ili pa mamita osakwana 500 kuchokera pamene palekeza nyanja ya mchere, pamene Harare ali pafupifupi pa mamita 1,500. Wotuluka m'madzi akuya n'kukwera basi tsiku lomwelo akuika moyo wake pachiswe, chimodzimodzi wochoka ku Monkey Bay kukwera chitunda cha Golomoti kulowera ku Dedza.

Koma mlandu wanga waukulu uli pa zaka zotsatira. Taganizirani munthu wodalira kapaipi kotulutsira mkodzo akukhala ku Mabvuku kapena ku Tafara, kumene mipope yakhala youma kwa zaka zambiri ndipo madzi n'ngokaimira pamzere ku mjigo. Kwa iye madzi aukhondo ndi mankhwala, pakuti matenda a chikhodzodzo ndi zilonda za pogonera ndizo zimafooketsa anthu ovulala msana. Ku Budiriro ndi Glen View, kumene kolera anavuta mu 2008 ndi mu 2018, sitifunika kuuzidwa kuopsa kwa madzi oipa. Onjezerani misewu yokumbika imene njinga ya olumala siingadutse, ndi makombi amene sadikira munthu wa ndodo. Mafizo alipo ku St Giles ndi ku Ruwa, koma wopita kumeneko afunika womuperekeza ndi ndalama yoyendera sabata ndi sabata.

Malamulo ali kumbali yake. Gawo 83 la malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 limanena za ufulu wa anthu olumala, ndipo gawo 6 limaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, kotero tili ndi poyambira pofuna kuti uthenga wa zaumoyo uzilembedwanso m'chinenero chathu. NSSA imapereka chipukuta misozi kwa ovulala pantchito yolembedwa, koma wa ganyu amatsala padzuwa. Ku Honduras, amwenye a mtundu wa Miskito olumala pogwira nkhanu zikuluzikulu pansi pa nyanja anakadandaula, ndipo mu 2021 khoti la ufulu wa anthu la maiko a ku America linagamula kuti boma linalakwira anthu 42. Iwo anapambana chifukwa anayendera limodzi.

Tsono pempho langa kwa atsogoleri a mabungwe a maliro, a m'mipingo, a m'mizikiti ndi a kudambwe ndi ili: patulani kachigawo ka chopereka cha mwezi kakhale ka amoyo. Kagule mapaipi ndi sopo, kalipire ulendo wa ku mafizo, ndipo achinyamata asinthane potungira wodwala madzi. Mudzati thumba n'lochepa, maliro okha akutilemera. N'zoona. Komabe zigubu ziwiri za madzi patsiku sizifika pa mtengo wa bokosi ndi ng'ombe ya pamaliro.

Washington Roebling, amene ankatsogolera ntchito yomanga mlatho wa Brooklyn ku New York, anagwidwa ndi matenda omwewa mu 1872 m'zipinda zopanikizidwa mpweya za pansi pa mtsinje. Sanachire kwenikweni, koma mkazi wake Emily anakhala miyendo ndi pakamwa pake mpaka mlatho unatsegulidwa mu 1883, ndipo iye anakhala ndi moyo kufikira 1926. Anali ndi chuma chimene ife tilibe, koma chimene chinamusunga pantchito ndi munthu woima pambali pake, ndipo anthu m'makomboni mwathu ndiye sasowa. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Ngati mumsewu mwanu muli wotere, pitani mukamuone sabata ino, mutanyamula chigubu cha madzi.