Bondo la mkazi ndi mlandu wa ndani?

Ndakhala pa makina osokera mumsika wa Limbe zaka zoposa makumi atatu, ndipo mawondo a akazi ndawayeza ambiri kuposa dokotala. Mayi akabwera ndi nsalu, funso langa loyamba limakhala lakuti siketi ilekeze pati. Amaika chala pamwendo n'kunena kuti, "Apa, asisi." Kale funso limeneli linkayankhidwa ndi boma.

Atsikana amene ndimawaphunzitsa kusoka amaseka ndikawauza kuti mu 1973 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Decency in Dress Act, loletsa mkazi kuvala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo pagulu. Amuna nawo sanapulumuke. Tsitsi lalitali linali mlandu, moti alendo ena otsika ndege pa Chileka ankametedwa kaye asanalowe m'tauni. Mayi anga, amene anandisiyira luso limeneli, ankapinda mpendero waukulu ngati chikhatho pa diresi iliyonse ya mtsikana, kuti akatalika angoumasula. Ankamuyeza mwana ataimirira, n'kumuuza kuti akhale pansi, n'kuyezanso. M'chikwama mwawo simunkasowa chitenje chapadera chofunditsira mwana wa eni akakumana ndi a Payoniya kapena anyamata a chipani a malaya ofiira aja.

Lamulolo linachotsedwa itadutsa referendamu ya pa 14 Juni 1993, ndipo tinkaganiza kuti nkhani yatha. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe, ku Mzuzu ndi kuno ku Blantyre anayamba kugwira akazi ovala mabuluku ndi masiketi aafupi n'kumawavula pamsewu dzuwa likuswa mtengo. Sabata imeneyo mabuluku amene ndinali nditamaliza kusoka anangolendewera pachingwe, eni ake osabwera kudzatenga. Kasitomala wina ananditumizira uthenga kuti ndiphwasule buluku lake ndisokepo siketi. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anadzudzula mchitidwewo, ndipo Mayi Joyce Banda, amene panthawiyo anali wachiwiri wake, anakakhala nawo pamsonkhano wa amayi okwiya ku Blantyre.

Chimene chimandivutabe mpaka lero n'chakuti ambiri mwa anyamata amenewa anali makanda, ena osabadwa n'komwe, pamene lamulo lija linkagwira ntchito. Nanga mphamvu yogwira mkazi wosamudziwa anaitenga kuti? Ine ndimati anaiyamwira. Kwa zaka makumi awiri boma linaphunzitsa makolo awo kuti thupi la mkazi ndi katundu wa mudzi wonse, kuti aliyense wodutsa ndi njira akhoza kuliyang'anira. Aphungu anafufuta mawuwo m'buku, koma phunzirolo linatsala m'madepoti a minibasi. Ndipo taonani kumene linatifikitsa: pofuna kuteteza ulemu, anthu anasiya mayi wa ana ali mbulanda, ana a sukulu akuonerera.

Musandimve molakwa, ine mini siketi sindiikonda. Ndine mayi wa Mvano, ndipo mwana wanga wotsiriza akatuluka kuchipinda ndi kansalu kongofika apa, timakangana mpaka aneba kumva. Nthawi zina amakasintha, nthawi zina amangonyamuka ine ndikulankhulabe. Koma madzulo timadyera limodzi nsima. Mkangano womwewo ukalowa m'manja mwa wapolisi, mwana wanga akagona m'chitolokosi, ndipo pobwera kumeneko sadzakhala wamakhalidwe kuposa dzulo. Adzangophunzira mantha, ndi mtengo wa chiphuphu.

Anzanga a kutchalitchi amati popanda lamulo chikhalidwe chathu chitha. Ndimawafunsa kuti chikhalidwe chiti. Agogo anga kumudzi ankasinja chimanga nsalu ili m'chiuno basi, pachifuwa popanda kanthu, ndipo panalibe amene ankawatcha hule. Diresi lalitali limene lero tikuliyesa mwambo wa makolo tinalilandira kwa amishoni.

Boma lili nayo ntchito pa matupi athu, ndipo ndi yaikulu. Mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino anasinthidwa kuti mwana wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Pamenepo ndinawomba m'manja, chifukwa pali mwana weniweni amene akuvulazidwa, amene sangathe kukana. Wogwiririra, womenya mkazi, wovula mnzake pamsewu, onsewa pali munthu amene amulakwira, ndipo akhoza kukaima m'khoti n'kuloza chala. Koma buluku la mayi wopita kuntchito lavulaza yani? Akaitanidwe ndani ngati wodandaula?

Funso lomweli linafika kubwalo lalikulu la milandu ku Zomba pa nkhani ya ana a chi Rasta amene ankabwezedwa pachipata cha sukulu za boma chifukwa cha madiredi. Mu Meyi 2023 Justice Zione Ntaba anagamula kuti kuwakaniza maphunziro n'kuphwanya ufulu wawo. Patapita zaka pafupifupi makumi atatu chichitikireni referendamu, tinali tikukanganabe za tsitsi la mwana wa eni.

Mwezi watha mayi wina anabwera ndi mnyamata wa Sitandade 4, madiredi atamangidwa bwinobwino kumbuyo, kudzasoketsa yunifolomu. Mwanayo anaima chilili ine ndikuzungulira ndi tepi, maso ali pa mandasi a pabenchi yoyandikana. Mayi ake anandipempha kuti kabudulayo ndimusiyire mpendero waukulu, chifukwa akukula msanga ndipo nsalu yakwera mtengo.